Makasu Awiri ndi Bulauzi ya Amayi

Ndikukumbukira Lachisanu lina la mwezi wa Okutobala, chaka cha 1995, pamene ndinadzuka ndi funso lomwe linkandiyabwa ngati chitedze. Ndinali mu Giredi 10. Tinkakhala ku Chiparamba, m'nyumba ya aphunzitsi ya njerwa zofiira, pakuti atate ankaphunzitsa pa pulayimale pomwepo, ndipo ine ndinkapalasa njinga m'mawa uliwonse kupita ku sekondale yoyendera. Funso langa linali la madzi. Ndinkafuna kuona ndi maso anga ngati n'zoona kuti dongo la m'madzi limamvera magetsi.

Chaka chimenecho dzuwa linatiwamba. Mjigo wa pasukulu ya atate unali utafa kwa milungu ingapo, chitsulo china chitathyokera pansi, amisiri akungolonjeza kuti abwera. Tonse tinkatunga kudambo, m'zitsime zokumba ndi manja zomwe amuna ankazamitsa sabata iliyonse. Madzi ake ankaoneka ngati thobwa losungunula. Mchenga unkakhala pansi msanga, koma mtundu wotuwawo sunkachoka ngakhale madzi agone mumtsuko masiku atatu. Tiyi ankaoneka ngati wathiridwa kale mkaka. Malaya anga oyera a sukulu anasanduka a mtundu wa phala la mgaiwa, ndipo m'kalasi tonse tinali choncho, ndiye panalibe woseka mnzake.

Dzulo lake, aphunzitsi athu a sayansi, a Sakala, anali atabwera m'kalasi ndi botolo la madzi omwewo. Anali munthu wamtali, wa jekete limodzi, wokonda kulankhula akuyang'ana kudenga. Anati madzi otere ali ndi dzina lake, koloidi, kutanthauza madzi omwe muli tinthu ting'onoting'ono tosasungunuka koma tosamiranso. Anati kadongo kalikonse kamasenza mphamvu ya magetsi ya mtundu umodzi, ya negativi, ndiye timakankhana tokhatokha. "Tidongoti tili ngati atambala m'khola limodzi," anatero. "Sitingagundane, ndiye sitingapange chibuma cholemera choti chimire." Kenako anajambula pabolodi kapu, ndodo ziwiri ndi batire, n'kulemba mivi yosonyeza kuti magetsi akalowa, tonse timayenda ulendo umodzi kupita ku ndodo ya pozitivi. Ndinaimika dzanja n'kufunsa ngati tingayese. Anayang'ana kudenga kwa kanthawi. "Zida zake tilibe, Nelia. Khulupirira buku."

Buku ndinkalikhulupirira, koma ndinali ndi chifukwa china chofunira kuona. Lamulungu lomwe linkabweralo amayi ankayenera kuvekedwa yunifolomu ya gulu la amayi a mumpingo. Anali ataphunzira kwa chaka chathunthu, akuloweza mavesi pokazinga nsinjiro, ndipo anthu anayi okha ndiwo anasankhidwa. Siketi yakuda ndi duku zinali zokonzeka. Bulauzi yoyera inali itangochokera kwa telala ku Chipata, ili ndi mizere ya choko cha buluu m'mapewa ndi kadontho ka mafuta a makina pakolala. Inkafunika kuchapa. Amayi ankaitulutsa m'sutikesi madzulo aliwonse, kuiyang'ana, kuyang'ananso mtsuko wa madzi, n'kuibweza. Mjigo wamoyo unali kutali, ulendo wa ola lathunthu panjinga, ndipo mzera wake unkadya theka la tsiku. Loweruka m'mawa ankayeneranso kukhala kutchalitchi pa phunziro lomaliza. Ankangoti, "Mulungu aona."

Nditaweruka kusukulu Lachisanulo ndinadya mothamanga n'kukakhala kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mtengo wa mango. Ndinayamba ndi maginito, chifukwa anali osavuta. Tinali ndi sipika ya wailesi yakufa, ndipo kumbuyo kwake kunali chitsulo chozungulira chomwe amayi ankatolera masingano akagwa. Maganizo anga anali akuti dothi lathu ndi lofiira chifukwa muli chitsulo, ndiye maginito ayenera kulikoka. Ndinathira madzi a kudambo m'botolo la jamu, ndinagunditsa maginito pagalasi, ndinadikira. Ndinawasuntha. Ndinawasiya pamenepo mpaka dzanja linachita dzanzi. Madzi anangondiyang'ana. Masiku amenewo ndinkalemba chilichonse m'kope lomwe ndinkabisa pansi pa matiresi, ndipo tsamba la tsikulo lili ndi mawu akuti: "Maginito: palibe chachitika. Ndakhumudwa koma sindinafooke."

Kenako ndinatenga mabatire anayi, awiri a mutochi ya atate ndi awiri a mutochi ya kukhitchini. Ndinawandandalika mutu ndi mchira, kuwakulunga m'nyuzipepala, n'kumanga ndi mphira ya chubu cha njinga monga ankachitira anthu pa mawailesi awo. Ndodo ziwiri za pabolodi zija ndinalibe, choncho ndinazula misomali iwiri ikuluikulu pakhola la nkhuku, n'kuikwecha ndi mchenga mpaka inawala. A Sakala sananene kuti ndodozo zikhale za chiyani, ndipo ine sindinaganize zofunsa. Ndinaboola kachidutswa ka katoni, kulowetsamo misomali motalikirana ngati zala ziwiri, kuvundikira botolo, n'kulumikiza mawaya.

Poyamba sipanaoneke kanthu, ndipo ndinayamba kuopa kuti buku linanama. Ndinagona chafufumimba, chibwano pansi, diso pagalasi. Nyerere zinkandikwera m'miyendo. Ndiye ndinaona timathovu, tating'ono ngati mazira a nsabwe, tikumera pa msomali wa negativi n'kumakwera m'mwamba kamodzikamodzi. Patapita nthawi, madzi ozungulira msomali womwewo anayamba kupyapyala. Kunali ngati nkhungu ya m'dambo ikamachoka dzuwa likatuluka: sungaione ikuyenda, umangozindikira kuti mtengo womwe sumauona tsopano ukuoneka. Msomali winawo, wa pozitivi, unayamba kuvala chikhoti choterera cha dongo. Kuti nditsimikize, ndinasinthanitsa mawaya, ndipo pang'onopang'ono mbali yoyera inasamukira ku msomali winawo. Tinthu tosaoneka ndi maso, tambirimbiri, tinali titatembenuka n'kuyamba ulendo wobwerera chifukwa choti ine, Nelia, ndasuntha waya.

Panachitikanso china chomwe pabolodi panalibe. Ku msomali wa pozitivi kunayamba kutsika timizere tobiriwira, ngati utsi woyenda chozondoka. Pomwe tadutsa, madzi ankadukaduka ngati mkaka wosasa, n'kupanga timabumamabuma tomwe tinkamira mwaulesi. Pamene mthunzi wa mango unkafika kukhola, theka la pamwamba la botolo linali loyera moti ndinkatha kuwerenga zilembo za nyuzipepala kuseri kwake. Za kubiriwirako sindinazilabadire. Ndinaganiza kuti ndi dongo lomwe lasintha mtundu chifukwa cha mantha.

Ndinanyamula botolo ndi manja awiri kupita nalo kukhonde komwe amayi ankasankha nyemba.

"Amayi, taonani."

Analilandira, kuliyang'anitsa kudzuwa, kulinunkhiza. "Awa watunga kuti?"

"Mumtsuko momwemo."

"Iwe, usandinamize. Wathiramo chiyani?"

"Sindinathire kanthu. Magetsi basi."

Atate anatuluka ali ndi cholembera chofiira kukhutu. Ndinawafotokozera zonse, za atambala ndi mivi, ndikulankhula mothamanga mpaka kutsamwa. Iwo ankangogwedeza mutu, nkhope ikuwala. "Amake Nelia, mwamva? Uyu ndi mwana wa mphunzitsi." Pamenepo ndinalimba mtima n'kunena zomwe ndinkafuna: andibwereke batire la galimoto lomwe linkaimbitsa wailesi yathu ya kaseti, ndiyeretse ndowa yathunthu, ndichape bulauzi amayi ali kutchalitchi. Batirelo linkakhala pansi pa thebulo pabalaza, lofunditsidwa kansalu koluka ngati mlendo wolemekezeka, ndipo atate anali atangobwera nalo kuchokera kotchajitsa m'tauni, atalimangirira pa keriyala ya njinga.

"Bola usagundanitse mawaya," anatero atate. "Ndipo mawa madzulo kuli mpira pa wailesi."

Amayi anayang'ananso botolo lija, kenako ine. "Bulauzi ndi imodzi, mwanawe."

"Ndikudziwa, amayi."

"Chabwino. Uchape ndi manja ofewa. Usakweche kolala."

Loweruka amayi anapita kutchalitchi dzuwa litangotuluka, atate nawonso anaperekeza ana awo a sukulu ku masewera pa sukulu ina. Ndinatsala ndekha. Ndisanayambe ntchito ndinayang'ana botolo la dzulo, ndipo ndinapeza kuti matope a pansi ada bii. Mongosewera ndinagunditsanso maginito aja pagalasi. Matopewo anadzuka! Anakwawa kubwera kugalasi, n'kuima timizeretimizere ngati ubweya wa mbozi. Ndikakweza maginito, ankakwera nawo. Ndikazunguliza, timizere tonse tinkapendama mbali imodzi ngati udzu pamphepo. Ndikachotsa, tinkagwa n'kumwazika. Ndinasewera nawo mwina theka la ola, pakamwa pali yasa. Dzulo lake dongo lomweli linakana maginito, lero likuwatsata ngati anapiye. Munthu wanzeru akanafunsa kuti chitsulo chimenechi chachokera kuti. Ine ndinangolemba m'kope kuti, "Zodabwitsa! Ndikafunsa Lolemba," n'kupita kukafuna makasu.

Ndinaona kuti ndowa yaikulu ikufuna misomali yaikulu, ndipo chitsulo chachikulu pakhomo pathu chinali makasu awiri akale, otha kumaso, omwe anaguluka m'mipini kalekale. Ndinawakwecha pamwala ndi mchenga, kuwatsuka, kumanga waya pa msuka wa lililonse, n'kuwamiza m'ndowa ya pulasitiki yodzaza madzi a kudambo. Pakati ndinaika kathabwa kuti asakhudzane. Ndinakumbukira kuti a Sakala anatiuzapo kuti mchere umathandiza magetsi kuyenda m'madzi, ndiye ndinatsinako pang'ono n'kuwaza. Batire ndinachita kulikoka pa thumba la saka kuchokera pabalaza, chifukwa kunyamula linandikana.

Nditangolumikiza waya wachiwiri, ndowa inayamba kulira chapansipansi ngati mafuta akamayamba kutentha. Khasu limodzi linachita thovu lokhalokha. Linalo linkatulutsa utsi wobiriwira uja, koma tsopano wochindikala, ukufalikira ngati mtambo. Posakhalitsa madzi anayamba kudukaduka. Apa m'pamene ndinalakwitsa kachiwiri. Ndinaganiza monga mwana woleredwa kukhitchini: nyemba zikakhalitsa pamoto zimafewa bwino, ndiye madzi akakhalitsa pa magetsi ayera bwino. Bulauzi ya amayi inkafunika madzi oyera kuposa onse. Ndinasiya makasu momwemo, ndinasesa m'nyumba, ndinatsuka mbale, ndinakolopa, ndinapatsa nkhuku madeya. Pamene ndinkachotsa mawaya, kulira kuja kunali kutazilala kokha.

Ndinadikira kuti matope akhale pansi, kenako ndinatunga a pamwamba ndi kapu, mosamala, ndikusefera pa kansalu koyera kulowa m'beseni. Anali madzi okongola. Chiyambire kufa kwa mjigo ndinali ndisanaone pansi pa beseni pali madzi. Ankaoneka obiriwirako pang'ono ukayang'ana cham'mbali, ndipo ankanunkha ngati m'kamwa ukaluma lilime, koma ndinati ndi fungo la magetsi. Sopo sankachita thovu bwino. Ndinachapabe ndi manja ofewa monga anandiuzira, choko cha buluu chinachoka, kadontho ka mafuta kanachoka, ndinatsukuluza kawiri. Nditaitukula, bulauzi inali mbee, yothobwa m'maso. Ndinaiyanika pa chingwe, ndinaima patali n'kuiyang'ana manja ali m'chiuno, kenako ndinalowa m'nyumba kukalemba za kupambana kwanga. Ndinalemba masamba awiri. Ndinajambulanso ndowa.

Nditatuluka, ndinayamba ndaganiza kuti pachingwe pali chovala cha munthu wina. Bulauzi inali ya mtundu wa tiyi wopanda mkaka. Sinali yofanana ponse: m'misoko, m'kolala ndi m'mphepete mwa manja, momwe madzi anachedwa kuuma, munali mizere yofiirira ngati mapu a mitsinje. Ndinathamangira ku beseni kuti ndiitsukuluzenso, ndipo ndinapeza madzi otsala aja asanduka achikasu, pamwamba pali kakhungu konyezimira. Ndinakhala pansi pafumbi. Sindinalire nthawi yomweyo. Ndikukumbukira kuti ngakhale mantha anali atandigwira, kamutu kena mkati mwanga kankafunsabe kuti: zatheka bwanji madzi oyera kubereka mtundu?

Ndinawamva akubwera asanaoneke, akuimba nyimbo ya mawa lake. Amayi anali ndi amake Joyisi, mkazi wa aphunzitsi anzawo a atate, oyandikana nafe nyumba, omwe anavekedwa zaka zambiri m'mbuyomo ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko. Nyimbo inadukira pakona pa nyumba.

"Mayo ine!" anakuwa amake Joyisi. "Amake Nelia, asayansi anu aphikira tiyi pa bulauzi! Shuga yekha ndiye watsala."

Amayi sanaseke, sanakalipe. Anapita kuchingwe, anagwira nsalu, anaitembenuza, anakanda msoko ndi chala. Kenako anafunsa osandiyang'ana:

"Dzulo unati sunathire kanthu."

"Sindinathire, amayi. Ndinangoikamo makasu."

"Makasu?"

"Oyendetsera magetsi."

Anapita pa ndowa, anapisa dzanja, anatulutsa khasu limodzi. Linali litadyeka, lili ndi timaenje ngati nkhope ya munthu wodwalapo nthomba. Analiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye khasu lathu lili pa bulauzi yanga," anatero. "Ili ndi dzimbiri, amake Joyisi. Si dothi ayi."

Amayi analekezera sukulu Giredi 7, koma m'mawu amenewo ananena zomwe ine ndinadzamvetsa patapita miyezi. Magetsi ankasungunula khasu la ku pozitivi. Chitsulo china chinagwira tidongo tija, kutithetsa ukali wokankhana, n'kumira nato, ndipo n'chomwe chinkatsata maginito m'botolo. Koma chifukwa ndinasiya nthawi yaitali, chitsulo chinachuluka kuposa dongo, chotsalacho n'kubisala m'madzi osaoneka, kudikira mpweya kuti chisanduke dzimbiri.

"Dzimbiri limamva mandimu," anatero amayi. "Mu mtengo mwanu mwatsalako, amake Joyisi?"

"Atsala okwinyika okhaokha, koma tithyola. Nanga motsukuluzira? Mubwerezanso m'supu wa makasuwu?"

Onse awiri anandiyang'ana. Ndinali nditatenga kale chigubu.

Ulendo wa ku mjigo wakutali uja sindidzauiwala. Dzuwa linali paliwombo, mchenga wa mumsewu ukugwira matayala, nyenje zikulira m'mitengo ngati zikundinena. Apa m'pamene ndinalira, ndikupalasa, misozi ikuuma isanafike pachibwano. Nditafika ndinapeza mzera wa ndowa ndi zigubu wokhotakhota mpaka pansi pa mtengo wa mkuyu, eni ake atakhala pamthunzi. Ndikanadikira malo anga, ndikanabwerera dzuwa litalowa, ndipo mandimu popanda dzuwa sagwira ntchito. Ndinaimika njinga, ndinapita kwa mayi wina wachikulire yemwe ankaoneka kuti ndiye amayang'anira mzera, ndinagwada, n'kupempha kuti nditungeko msanga.

"Tonsefe tili ndi changu, mwanawe. Kwanu kwagwa chiyani?"

Panalibe njira ina koma kunena zoona, pamaso pa anthu onse. Ndinafotokoza za bulauzi, za batire, za makasu. Nditafika pa makasu, mayi wina anagwa chagada ndi kuseka. Wina anati, "Sukulu izi! Ife timalimira makasu, anzathu akuchapira." Wina anafunsa ngati mawa ndidzaphikire ndiwo nkhwangwa. Mayi wachikulire uja anaseka mpaka kupukuta m'maso ndi chitenje, kenako anakweza dzanja. "Mpatseni malo. Amake akuvekedwa mawa, izi ndi za Mulungu." Mtsikana wina anandithandiza kupopa, ndipo pomanga chigubu pakeriyala anandinong'oneza kuti, "Koma madziwo anayeradi?" Ndinati anayeradi. Anati, "Ii!" ndipo ndinaona kuti naye chamuyabwa.

Nditafika kunyumba ndinapeza ayala bulauzi pa thebulo panja, amake Joyisi akufinya mandimu, amayi akuwaza mchere pa mizere yofiira n'kumasisita ndi nsonga za zala. Ankaisiya padzuwa mpaka iume, kutsukuluza ndi madzi ochepa a m'chigubu, n'kuyambiranso. Ine anandipatsa ntchito yogwira nsalu kuti isauluke. Ndinaona ndi maso anga mtundu wa tiyi ukutha, kusanduka wachikasu, kenako ngati minyanga, kenako kuyera. Ulendo wachitatu mandimu anatha, amake Joyisi n'kutuma uthenga kwa apongozi awo kuti athyole a kwawo. Palibe amene ankandilankhula, koma palibenso anandithamangitsa.

Atate anafika dzuwa litapendeka, ali fumbi lokhalokha, akufulumirira mpira. Anabweza batire pabalaza, analumikiza wailesi. Inalankhula mawu ochepa ngati munthu wodwala, n'kukomoka. Anatuluka, anayang'ana ndowa, khasu lodyeka, thebulo la mandimu ndi nkhope ya amayi, ndipo anazindikira kuti mpira si nkhani yoti aitchule. Anangoti, "Ndikamvera kwa aneba," n'kutenga kampando kawo. Podutsa pafupi nane anati chapansipansi, "Mwana wa mphunzitsi," koma ulendo uno anapukusa mutu.

Pamene dzuwa linkalowa, bulauzi inali yoyera paliponse kupatula malo amodzi. Kumbuyo, pansi pa kolala, pomwe nsalu inapindidwa katatu, panatsala kamzere kachikasu kotalika ngati chala. Amayi anakayesa kawiri konse, kanakana. Lamulungu m'mawa anasita okha ndi nsimbi ya makala, atayala kansalu pamwamba, ndipo sanandilole ngakhale kupemerera makala.

Kutchalitchi ndinakhala kumbuyo kwenikweni. Amayi anayi aja anaitanidwa kutsogolo, anayankha mafunso a abusa, kenako amayi a gulu anawazungulira ndi zitenje n'kuyamba kuwaveka, nyimbo ikugwedeza malata. Ine maso anali pa amayi busa, omwe ankaveka mmodzimmodzi. Atafika pa amayi anga anatambasula bulauzi, anaima pang'ono, anaiyandikitsa kumphuno. Anaweramira kukhutu kwa amayi n'kunena kanthu, ndipo ndinaona mapewa a amayi akugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira. Zitenje zitatsitsidwa, anatembenuka kuyang'ana mpingo ali mbee, nsonga ya duku itagwera bwino lomwe pakolala kumbuyo, nthungululu zili pakamwa pa aliyense. Amake Joyisi ndiwo anamanga dukulo, ndipo analimanga motsika dala.

Pobwerera ndinayenda kumbuyo kwawo mpaka ndinalephera kupirira.

"Amayi, amayi busa anati chiyani?"

"Anati ena amabwera kwa Ambuye ndi fungo la sutikesi, ine ndabwera ndi la mandimu. Akufuna ndikawaphunzitse kachapidwe kake." Anaseka mokweza, koyamba chiyambire Loweruka. "Ndiwauze za makasu?"

Masiku ano ku Chiparamba kuli mijigo yambiri, kwina madzi amakwera okha m'mathanki ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo ana anga amadandaula madzi a pampopi akangotuwa pang'ono kwa ola limodzi. Akafuna kudziwa kanthu amafunsa foni, ndipo imawaonetsa tinthu tija tikuyenda, tokulitsidwa, ta mitundu yokongola, popanda nyerere kuwakwera m'miyendo. Sindinena kuti zathu zinali zabwino kuposa zawo. Kutunga kudambo sikunali kokoma, ndipo sindingafune mwana wanga aike chovala chokhacho cha mayi ake pa mayeso. Koma iwo amaona yankho asanamve kuyabwa kwa funso, pamene ine funso linandiyendetsa ulendo wa maola awiri padzuwa.

Masana a Lamulungu lomwelo, alendo odzasangalala ndi amayi atabalalika, ndinatenga ndowa ija kuti ndikataye matope kudzala. Amayi anali pakhonde, atavula yunifolomu n'kuipinda okha.

"Usataye ndowa yonse," anatero. "Madzi a pamwambawo titsukira miphika. Ndipo iwe, ndikukudziwa, sunaleke. Ukafuna kuyesanso, uyesere pa malaya ako."

Mutu wanga unali utayamba kale kuyenda. Ngati vuto linali chitsulo, pankafunika ndodo zopanda chitsulo. Ku ofesi ya atate kunali katoni ya mabatire akufa omwe ankaswa kuti apeze zakuda zopakira mabolodi, ndipo timitengo takuda ta pakati pake, tomwe si ta chitsulo, ankangotitaya. Ndinatsimikiza kuti mawa lake, ndikaweruka, ndikapempha tiwiri, ndikayambirenso m'botolo la jamu, ndipo madziwo ndikawasiye padzuwa tsiku lathunthu ndisanaviikemo kanthu. Malaya a sukulu ndinali nawo awiri. Ndinasankha akalewo.